NYUMBA YA KU GEORGE SINAGWE YOKHA

Kwa Mafumu ndi Abale onse a Msonkhano,

Pa 6 May 2024, ku George m'dziko la South Africa, nyumba yosanja kasanu inagwa isanathe kumangidwa. Anthu 62 anali pa nchito. 34 anafa, ndipo pakati pao panali ana athu a ku Malawi.

Ena ati linali tsoka, pakuti cakudza siciyimba ng'oma. Ife tikana mau amenewo. Ici cinayimba ng'oma. M'caka ca 2025 Nduna ya dzikolo, a Dean Macpherson, anaulula zimene ofufuza anapeza: ming'alu inaoneka kale mu 2023; konkire inali yofooka, yosafika pa muyeso wace; woyang'anira citetezo ca anchito anatula pansi udindo, koma kumanga sikunaleke. Nalo bungwe la NHBRC, lolembetsa omanga nyumba, linapezeka kuti linalola nchitoyo mosatsata malamulo ace.

Tsono malamulo analipo. Cimene cinasowa ndico munthu wamphamvu yonena kuti, "Lekani!"

Eni nyumba adandaula kuti kuyendera kwa Boma kucedwetsa nchito ndi kudya ndarama. Nzoona. Koma mwini ataya masabata, wonyamula njerwa ataya moyo. Ndipo ndarama imene mwini aipulumutsa aibweza ndiye mkazi wamasiye kumudzi.

Kwathunso nyumba zosanja zirikumera ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo okwera pamwamba pace ndiwo anyamata a m'midzi yanu, inu Mafumu. Cifukwa cace tipempha Msonkhano ulembere Boma zinthu zinai:

1. Woyendera afike pa maziko ndi pa nsanjiko iri yonse asanathire konkire, nayese kulimba kwace.

2. Akhale nayo mphamvu yoimitsa nchito tsiku lomwelo. Ndipo woyang'anira citetezo akacoka, nchito iime.

3. Wanchito wonena za mng'alu asacotsedwe nchito.

4. Maina a anchito onse alembedwe m'buku tsiku ndi tsiku; pakuti ku George ciwerengero ca okwiririka cinasinthasintha, abale alikudikira osadziwa kanthu.

Mafumu, muwafunse aphungu anu za izi pamaso pa anthu, ndipo yankho lao mubwere nalo ku msonkhano ulinkudza.

Ife anu,
Mlembi wa Msonkhano