Nkhondo ya mbewa pachilumba cha Marion siifuna phuma

Pachilumba cha Marion, chomwe ndi cha dziko la South Africa ndipo chili kutali m'nyanja kummwera chakummawa kwa Cape Town, mbewa zikudya ana a mbalame ali amoyo. Usiku zimakwera pamutu pa mwana wa albatross n'kumamudya khungu mpaka fupa kuonekera. Mwanayo sathawa, chifukwa mtundu wake sudakumanepo ndi chilombo cha pamtunda.

Mbewazi zidafika m'zaka za m'ma 1800 ndi zombo za alenje a nyama za m'nyanja. Mu 1949 anthu adabweretsa amphaka asanu kuti athane nazo, koma amphakawo adaona kuti mbalame za petrel, zomwe zimaswera m'mauna, n'zosavuta kugwira. Pofika m'ma 1970 adali ataswana kwambiri ndipo ankapha mbalame pafupifupi 450,000 pachaka. Ntchito yowatheratu idatha mu 1991.

Mbewa zidatsala. Nyengo pachilumbapo yakhala ikufunda ndi kuuma, choncho zimaswana miyezi yambiri kuposa kale. Tizilombo timene zinkadya titachepa, zidatembenukira ku mbalame, ndipo mu 2003 ofufuza adayamba kupeza ana a albatross ali ndi zilonda. Albatross wamkulu amalera mwana mmodzi yekha pa zaka ziwiri, kotero kuti imfa iliyonse imasiya mpata wovuta kuutseka. Akatswiri akuti mitundu 19 mwa 28 ya mbalame za m'nyanja zoswera pamenepo ingathe kuzimiririka pachilumbapo.

Boma la South Africa ndi bungwe la BirdLife South Africa akukonza zomwaza nyambo ya poizoni ndi ndege za helikopita pa mahekitala pafupifupi 30,000. Zokonzekera zatenga zaka, ndipo n'zomveka kuti wina ataye mtima pamene mbalame zikufa. Komabe kuchedwako kuli ndi chifukwa. Ku South Georgia njira yomweyi idatheka, ndipo mu 2018 adalengeza kuti makoswe ndi mbewa zatha. Pachilumba cha Gough, bungwe la RSPB lidamwaza nyambo mu 2021, koma chaka chisadathe kamera idajambula mbewa yamoyo, ndipo zidaswananso.

Kupha mbewa 99 mwa 100 zilizonse kuno n'kulephera. Nyamboyo iyenera kufika m'phanga lililonse ndi m'ming'alu ya miyala, komanso m'nyengo yachisanu pamene mbewa zili ndi njala, yomwenso ndi nyengo imene mphepo ndi nkhungu zimaletsa ndege kuuluka.