Makina otayipira akale asakwere sikelo ya ogula zitsulo

Achinyamata anzathu, m'maofesi ambiri a kuno ku Chigwa cha Shire, kuchokera pa boma la Chikwawa kudzera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, muli makina otayipira amene adakankhidwira pakona kompyuta itafika. Ena ali pamwamba pa kabati, atafunda fumbi. Ogula zitsulo zakutha akadutsa ndi sikelo yawo, maso awo amagwa pa makina otere chifukwa ndi olemera. Ife tikuti asagulitsidwe pa kilo.

Kumaiko ena alipo anthu amene amawasaka ndi kuwasunga ngati chuma, ndipo katswiri wa mafilimu Tom Hanks ndi mmodzi wa iwo. Mwa makina oyendera magetsi, otchuka ndi IBM Selectric, amene adatuluka mu 1961. M'malo mwa timikono tambirimbiri, iwo ali ndi kampira kamodzi konyamula zilembo zonse, kamene kamatembenuka ndi kumenya pepala mwaliwiro losaoneka ndi maso. Mu 2012 fakitale ya Brother ku Wrexham idapanga makina ake otsiriza ku Britain, nkuwapereka ku Science Museum ya ku London. Zimene eni ake akuika m'nyumba yosungiramo mbiri, ife tiziphwanye ndi hamala?

Komabe chifukwa chathu sichofanana ndi chawo. Pa makina amenewa padadutsa makalata a kwa DC, a ku khoti, a ku parishi ndi ofunsira ntchito ku munda wa nzimbe ku Nchalo. Mayeso a kusukulu ankatayipidwa pa stensulo, nkuchulukitsidwa pa makina a Gestetner. Otayipa, ambiri a iwo amayi, ankadziwa kuti akaphonya chilembo chimodzi pamene pali kaboni, aphonya pa mapepala onse atatu. Makina opangidwira Chingerezi analibe chilembo cha ŵ, choncho wolemba dzina la Malaŵi ankachita kuikapo kadenga kaja ndi cholembera. Amayi amenewa ena akadali moyo, ndipo timapemphera nawo Lamulungu lililonse osadziwa luso limene lili m'zala zawo.

Tinene chilungamo pa makina a magetsi: kuno kwathu ndi alendo ovuta kuchereza. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumaumitsa lamba wa mota, fumbi limalowa paliponse, ndipo maliboni ake ndi osowa. Nanga magetsiwo? Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makina a kumeneko adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Pa miyezi yonseyo, Selectric ikadangokhala chete pamodzi ndi kompyuta, pamene Olivetti kapena Imperial yogogoda ndi zala ikadalemba ngakhale pansi pa mtengo wa mtondo. Choncho a magetsiwo tiwapukute, tiwafunditse, tiwaike pamwamba, tiziwayatsa pa tsiku loonetsa ana. Ogwira ntchito akhale a manjawo.

Ntchito yake ilipo. Agogo athu akudziwa za sitima ya pamtunda imene inkapita ku Beira kudzera ku Marka, za misika ya thonje, za abale a ku Mozambique amene adathawira nkhondo ku Mankhokwe m'zaka za m'ma 1980, za madzi amene adadula njanji ku Chiromo mu 1997. Zambiri mwa izi zili m'mitu mokha, m'Chisena ndi m'Chimang'anja. Gulu la achinyamata litapeza makina amodzi, liboni ndi kaboni, mayi wina wakale wa mu ofesi nkuliphunzitsa kaikidwe ka zala, nkhani imodzi pa sabata ikhoza kulembedwa.

Wina anena kuti foni ingathe kujambula mawu a agogo mosavuta. Nzoona, ndipo tijambule ndithu. Koma amene adaona madzi a 2015, a Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 akudziwa mafoni angati adatsalira m'matope. Pepala nalonso limanyowa, nchifukwa chake kaboni ndi wofunika: tsamba limodzi litsale ndi banja, linalo likasungidwe m'bokosi lachitsulo kumtunda, kumene Shire ndi Ruo safika.