Kodi mnyamata wa ku Makhanga amamuona ndani?

Ndani mwa akuluakulu a matimu a ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko muno amene angatchule dzina la mnyamata yemwe anamwetsa zigoli zambiri m'sukulu za sekondale za ku Nsanje chaka chatha? Ndani angatiuze kuti anasewera masewero angati, anavulala kangati, amamenya ndi phazi liti, ndipo ali ndi zaka zingati zenizeni? Ngati a Bullets, a Wanderers ndi a Silver alibe mayankho, kodi a FAM ku Chiwembe ali nawo? Nanga bungwe loyendetsa mpira m'chigawo cha kummwera?

Tikufunsa chifukwa m'dziko muno timakonda kunena kuti kumidzi kuli luso. Mawuwa amamveka pamwambo uliwonse wopereka chikho, kenaka alendo amakwera galimoto zawo, kudutsa pa Thabwa n'kukwera phiri kubwerera ku Blantyre. Luso lija limatsala m'chigwa cha Shire, osalembedwa paliponse.

Tiyerekeze ndi mmene ena amafufuzira luso. Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi wathu, wonyamula m'manja ndi wogwetsana. Chaka chilichonse mu Epulo matimu 32 a ligi ya NFL amasankha anyamata ochokera m'makoleji, mosinthanasinthana, m'ndime zisanu ndi ziwiri. Pali wosewera amene amamutcha running back, yemwe ntchito yake ndi kulandira mpira n'kuthamanga nawo kubooleza pakati pa anthu ofuna kumugwetsa. Timu isanamutenge, imakhala itaonera makanema a masewero ake a zaka zingapo. Amamuitana ku Indianapolis kukamuyeza liwiro pa mtunda wa mayadi 40, kumunyamulitsa chitsulo cholemera makilogalamu 102, madokotala n'kumupima mawondo ndi mapewa. Amafunsa ngati amaona mpata usanatseguke, ngati amapitabe patsogolo atamuwomba, ngati amadziwa kuteteza mnzake pamene mpira suli kwa iye. Amawerenganso kuti thupi lake lapwetekedwa motani. Ashton Jeanty, amene a Las Vegas Raiders anamusankha wachisanu ndi chimodzi mu 2025, ananyamula mpira ka 374 m'chaka chake chomaliza pa koleji ya Boise State, ndipo nambala imeneyi aliyense wofuna kumusankha ankaidziwa.

Ngakhale zili choncho amalakwitsabe. Trent Richardson anasankhidwa wachitatu mu 2012 ndi a Cleveland Browns, koma anasewera m'ligiyo zaka zitatu zokha. Isiah Pacheco anasankhidwa wa nambala 251 mu 2022, matimu onse atamudumpha kangapo, koma chaka chake choyamba chomwecho anathandiza a Kansas City Chiefs kutenga chikho chachikulu cha Super Bowl. Tsono ngati anthu a makanema, madokotala ndi mabuku odzaza manambala amaphonya chotere, ife amene timaweruza mnyamata pa mphindi 20 za matrayozi timaphonya angati? Ndipo timadziwa bwanji kuti taphonya, pamene sitisunga ngakhale mayina a amene tawabweza?

Taganizirani mmene matrayozi athu amakhalira kwa mwana wa m'chigwa. Wa ku Nsanje ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre. Wa ku Makhanga kapena kwa Makhuwira, kutsidya kwa Shire, nyengo ya mvula amayenera kuyamba waganiza za msewu ndi bwato. Agulitse mbuzi ya makolo kuti apeze thiransipoti, agone kwa wachibale ku Ndirande kapena ku Bangwe, abwereke jombo zomuthina. Afika pabwalo, apeza chikhamu cha anzake, ambiri odziwana kale ndi aphunzitsi a timuyo. Akamulowetsa, mpira augwira kanayi. Kodi apa tayeza luso, kapena tayeza kuti ndani anali ndi ndalama ya minibasi ndipo ndani anadya m'mawa?

Kwathu kuno munthu akafuna kugula ng'ombe ku Ngabu kapena ku Bangula sangoyang'ana nyanga. Amaona mano kuti adziwe msinkhu, amaiyendetsa kuti aone miyendo, amafunsa khola limene yachokera. Nanga bwanji pa mwana wa munthu, amene tsogolo lake lonse lili pachiweruzo chathu, timakhutira ndi mawu akuti "ali ndi thupi" kapena "ndi wochepa"?

Mawu akuti "ndi wochepa" ndi amene awononga ambiri. Chigwachi chaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthawi iliyonse sukulu zimasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabwalo amadzala matenti kapena mchenga, ndipo chakudya chimachepa pakhomo. Mnyamata wa zaka 16 amene wakulira m'zimenezi sangafanane msinkhu ndi mnzake wa ku akademe ya m'tauni. Kodi mphunzitsi amene akumuyang'ana amafunsa kuti thupi ili lidzakhala lotani likadya katatu patsiku kwa chaka chimodzi? Kodi amaganizako zoti mwana wozolowera kusewera pa kutentha kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ali ndi mpweya umene ena amaufunafuna ndi ndalama? Zimene sizigulika ndi zomwe tiyenera kuyang'ana: kudzutsa mutu asanalandire mpira, kudziwa pothamangira pamene mpira uli kwa mnzake, kubwerera kukathandiza otchinga kumbuyo timu ikakhala pamoto. Izi sizioneka tsiku limodzi. Zimafuna munthu woonera masewero asanu, khumi, ena timu ikupambana, ena ikugonja.

Nanga za kupwetekedwa kwa thupi, zimene anzathu a ku America aja amawerenga mosamala, ife timazilemba pati? Mnyamata waluso m'chigwa amasewerera sukulu Lachisanu, timu ya m'mudzi Loweruka, ndipo Lamulungu amamubwereka ku bonanza ya phungu kapena ya wofuna uphungu. Bwalo ndi louma gwa, ambiri alibe zotchinga miyendo, ndipo bondo likatupa amangomanga nsalu. Pofika zaka 20 mwendo watha. Aphungu amene mumaika ndalama pa zikho zimenezi, kodi simungapatuleko pang'ono kuti pabwalo pakhale wachipatala? Kodi simungalamule kuti mayina a osewera, zaka zawo ndi zigoli zilembedwe ndipo kope lipite ku komiti ya mpira ya boma? Kapena chikhocho ntchito yake imatha chithunzi chikajambulidwa?

Pali nkhani ya zaka, imene tonse timaidziwa koma timainong'ona. Bungwe la CAF limapima fupa la padzanja ndi makina a MRI pa mipikisano ya osapitirira zaka 17, chifukwa chinyengo cha zaka chafala mu Africa. Wovutika ndi mwana woona mtima, amene amapikisana ndi bambo wa ndevu zometa n'kuoneka ngati wofooka. Sukulu ili ndi kaundula. Mwana analembedwa tsiku limene analowa Sitandade 1, ndipo analembedwanso pa mayeso a Sitandade 8. Chovuta n'chiyani kuti bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA ndi FAM azigwiritsa ntchito kaundula mmodzi? Aphunzitsi a zamasewero m'sukulu za ku Chapananga, kwa Tengani ndi ku Marka ndiwo amawadziwa anawa kuposa wina aliyense. Ndani anawafunsapo? Ndani anawapatsapo ngakhale fomu ya tsamba limodzi ndi nambala ya foni yoti aziimbira?

Sitikupempha kuti Malawi atengere kasankhidwe ka ku America. Kumeneko mnyamata sasankha timu, timu ndiyo imamusankha, ndipo mpira wathu suyenda motero. Chimene tikusirira ndi kulemba. Ndipo kulembako kuli ndi ndalama. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontrakiti, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma timu imalandira pokhapokha ngati ili yolembetsedwa ndipo dzina la mwanayo lili m'kaundula wa bungwe la dziko. Ndi matimu angati a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene amadziwa zimenezi? Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, kutali ndi mabwalo akuluakulu, ndipo Temwa anasankhidwa wosewera wopambana onse m'ligi ya amayi ya ku America mu 2024 atamwetsa zigoli 20. Mtsikana wotere akatuluka ku Bangula mawa, mphunzitsi amene amamugulira mpira ndi ndalama ya m'thumba mwake adzapezapo chiyani?

Chigwachi si chachilendo pa mpira. Ku Nchalo kuli bwalo la Kalulu, ndipo timu ya kumeneko inaseweramo m'ligi yaikulu, matimu otchuka n'kumatsika phiri kudzatuluka thukuta. Nthawi imeneyo mwana wa ku Dyeratu kapena ku Ngabu anali ndi khomo lapafupi loti agogode. Kampani ya shuga ya Illovo, imene ili ndi minda yaikulu ya nzimbe m'derali, kodi ikuona kuti udindo wake pa achinyamata ukuthera pati? Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, m'ndondomeko zanu za chuma muli mzere wa ligi ya sukulu?

Kwa matimu atatu akuluakulu aja funso lathu ndi lapafupi. Kulipira mphunzitsi mmodzi wokhala ku Ngabu, kumupatsa njinga yamoto, foni yojambula ndi kope, kuti Loweruka lililonse azionera masewero n'kutumiza malipoti, kungadye ndalama zingati poyerekeza ndi zimene mumataya posainitsa wosewera mmodzi amene amathera chaka chonse pabenchi? Ndipo ligi ikubwerayi isanayambe, ndani mwa inu amene adzawoloke mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa ndi cholembera m'manja?