Msilikali wa Keyala tikumuiwala dzina

A Mkonzi,

Msilikali wamba wa King's African Rifles, gulu lomwe kumudzi ankalitcha Keyala, anali mlimi asanagwire mfuti. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, amuna oposa 20,000 a ku Nyasaland anavala yunifolomu. Ambiri anachokera m'midzi ya ku Zomba, Mulanje, Chiradzulu ndi Mangochi. Ena analembetsa pofuna ndalama ya msonkho, ena potopa ndi thangata, ndipo ena anachita kulozedwa chala ndi amfumu omwe boma la atsamunda linawalamula kupereka anyamata.

Akalembedwa ku Zomba, ankaphunzira perete ndi kuwombera, kenako n'kutengedwa kupita ku Kenya. Mu 1940 anyamata a kuno anamenyana ndi asilikali a Italy ku Moyale ndi ku Tug Argan, ku British Somaliland. Mu 1941 analowa mu Abyssinia, ndipo mu 1942 ena anawoloka nyanja kukamenya nkhondo ku Madagascar. Mavuto aakulu anawapeza mu 1944 ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, komwe ankapirikitsa asilikali a Japan kulowera kumtsinje wa Chindwin m'nyengo ya mvula yosakata. Magalimoto ankatitimira m'matope, chakudya chinkaponyedwa ndi ndege, misundu inkakakamira m'miyendo, ndipo malungo ankagwetsa anthu ochuluka kuposa zipolopolo. Kumudzi mkazi ankalima yekha, akudikira kalata yoti amuwerengere mphunzitsi.

Nkhondo itatha, malipiro otsazikira anatsata khungu. Zikalata za boma la Britain zomwe atolankhani anaulula mu 2019 zikusonyeza kuti msilikali wamba wachizungu ankalandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, pamene Mwafrika ankalandira mashileni atatu ndi theka. Ndalamayo ena anagulira njinga kapena makina osokera, ena anatsegulira kantini, ndipo omwe anaphunzira kuyendetsa malole anapeza ntchito ya udalaivala. Otsalawo anabwerera kukhasu, mamendulo n'kuwasunga m'sutikesi. Mu 2021 boma la Britain linapepesa m'nyumba yake ya malamulo chifukwa Aafrika ambiri omwe anafa pa nkhondo yoyamba, kuphatikizapo amtengatenga, sanalembedwe mayina monga anachitira ndi azungu.

Chodandaulitsa n'chakuti eni akefe tikuchita zomwezo. Mwezi wa November chaka chilichonse akuluakulu amaika nkhata za maluwa pazipilala zachikumbutso ku Zomba ndi ku Lilongwe, lipenga n'kulira, anthu n'kubalalika. Mwana wa sukulu amaphunzira za Hitler ndi Mussolini, koma sangatchule ndi mmodzi yemwe wa m'mudzi mwake amene anafika ku Burma. Ovina malipenga ndi mganda amaguba ngati asilikali, koma omwe anaguba pankhondo yeniyeni sakumbukiridwa pabwalopo. Yemwe analembetsa ali ndi zaka 18 mu 1944 anabadwa mu 1926, choncho otsala amoyo ndi owerengeka. Akazi awo amasiye nawonso akutha, ndipo mabuku amalipiro a asilikaliwo ndi zithunzi zikudyedwa ndi chiswe.

Ntchito yofunika si yodula. Unduna wa Maphunziro ungathe kuuza ophunzira a mbiri yakale kusekondale kuti afunse akuluakulu a m'midzi mwawo ndi kulemba dzina la msilikali, mudzi, mfumu, nambala yake ndi komwe anakamenya nkhondo. Nthambi yosunga zolemba zakale ya National Archives ku Zomba, mogwirizana ndi asilikali a Malawi Defence Force (MDF), isonkhanitse zolembazo ndi kujambula mamendulo ndi makalata omwe mabanja akusunga. Makhonsolo aike mayinawo pakhoma la ofesi ya DC m'boma lililonse, ndipo pamwambo wa November aziwerengedwa mokweza. Boma liwonetsetsenso kuti thandizo la asilikali opuma likufika kumidzi, kwa okalamba ndi amasiye omwe sangathe kuyenda ulendo wa ku Zomba.

Wodandaula,
Chiradzulu