Chofunda cha Nyumba Chisasanduke Nkhuni

Ku Britain, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, nyumba nazo zimafunditsidwa. Amisiri amamata zipangizo kunja kwa khoma kuti kutentha kusathawe, ndipo mabilu a magetsi ndi gasi amatsika. Nzeruyi ndi yabwino. Nkhani yagona pa zimene amapangira chofundacho.

Usiku wa pa 14 June 2017, firiji inayaka m'khitchini ina m'nyumba ya Grenfell Tower ku London, ya nsanjika 24. Moto woti ukanathera momwemo unatulukira pawindo n'kugwira khoma lakunja. Poikonzanso mu 2015 ndi 2016, nyumbayi anaikuta ndi malata a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki pakati, opangidwa ndi kampani ya Arconic, ndipo kuseri kwake anaikako thovu louma la makampani a Celotex ndi Kingspan. Pulasitikiyo inasungunuka n'kumadontha ikuyaka. Ola lisanathe, malawi anali atafika pamwamba penipeni. Anthu 72 anataya miyoyo.

Chowawa n'chakuti poyamba ankafuna kuikapo malata a zinki, koma anasintha maganizo kuti apulumutse ndalama pafupifupi mapaundi 293,000. Lipoti lomaliza la kafukufuku amene anatsogolera Sir Martin Moore-Bick, lomwe linatuluka mu September 2024, linapeza kuti opanga zipangizozo ankachita chinyengo poziyesa komanso pozitsatsa.

Chonsecho chofunda chosayaka chilipo kale. Ubweya wa miyala, umene makampani ngati Rockwool amapanga posungunula mwala n'kuupota ngati ulusi, umapirira kutentha kopitirira madigiri 1,000. Umalemera, umafunanso khoma lokhuthalirapo kusiyana ndi thovu, n'chifukwa chake omanga ena amauzemba.

Kumapeto kwa 2018, England inaletsa zipangizo zoyaka pa makoma akunja a nyumba zatsopano zogonamo zopitirira mamita 18. Scotland inaika chiletso chotere pa nyumba zoyambira mamita 11 mu 2022. Koma kodi banja lokhala m'nyumba ya nsanjika zitatu lilibe ana ogona tulo usiku? Utsi wa thovu loyaka ndi wapoizoni ngakhale nyumba ikhale yaifupi.

Vutoli silinathere ku London. Mu February 2024, moto unayenderera pa khoma la nyumba ina ku Valencia, m'dziko la Spain, n'kupha anthu 10. Maboma akuyenera kuletsa zipangizo zoyaka pa nyumba iliyonse yogonamo mabanja angapo, ndipo ntchito yoziyesa ikhale m'manja mwa akatswiri amene salipidwa ndi wogulitsa.