Phiri la Zomba likuthera pamoto wa nsima

Nkhani ya mphamvu zosatha, monga ya dzuwa, ya madzi ndi ya mphepo, yatchuka kwambiri masiku ano. Ambirife tikaimva timaganiza za masola aakulu aja a ku Salima kapena makina a pamtsinje wa Shire, n'kumati imeneyo ndi ntchito ya boma ndi mainjiniya. Ine ndikuti ayi. Kwa munthu wa ku Zomba, nkhaniyi ili pamafuwa ndi pambaula, pamene mayi amaika poto katatu patsiku. Kafukufuku amene sakufika pamenepo sangapulumutse phiri lija. Ndipo ife ophunzira, makamaka amene tikukonzekera kukagwira choko, tili ndi mbali yathu pa kafukufukuyo.

Tiyambe ndi manambala. Ofesi yowerengera anthu ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba komweko, inapeza mu kalembera wa 2018 kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 77 amaphikira nkhuni, 18 amaphikira makala, ndipo ophikira magetsi ndi awiri okha. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 amaunikira magetsi. Muike manambala awiriwa pamodzi: ounikira magetsi 11, ophikira magetsi awiri. Ndiye kuti ngakhale m'nyumba zambiri zimene muli mita ya ESCOM, babu limayaka kudenga koma nsima imapsa pamakala.

Amene anayendako mu msewu wokwera ku Ku Chawe amadziwa zimene manambalawa akunena. Amakumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. M'mamawa njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimalowa mu mzinda, kulunjika ku Chinamwali, Matawale, Chikanda ndi Mpondabwino. Si makala onse amachokera m'phiri la Zomba lenilenilo. Ena amachokera ku Malosa, ena kutali cha ku Machinga. Koma nkhalango zonsezi zikudyedwa ndi mkamwa umodzi, womwe ndi mbaula za m'tauni. Ndipo mbaula imadya kawiri. Mu uvuni wa dothi umene owotcha makala amagwiritsa ntchito, pamapsa nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10 kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala. Kajumbo ka makala kamene timagula madzulo kali ndi mtolo wonse wa nkhuni kumbuyo kwake.

Phiri la Zomba si lokongoletsa mzinda chabe. Madzi a m'mipope ya mu mzindawu amachokera mu damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imathirira minda ya mpunga isanakathere m'nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba. Mitengo ndiyo imathandiza kuti madzi a mvula alowe pansi pang'onopang'ono, akasupe n'kumatuluka mpaka mu Okutobala. Ikatha, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, kenako mtsinje umauma. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012. Zoona, inaphwapo kale mu 1968 chifukwa cha kuchepa kwa mvula, choncho sitingaloze chala nkhwangwa yokha. Koma nyanja yosaya ngati imeneyi imadalira mitsinje yake, ndipo mitsinjeyo imadalira phiri. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Tisadikire kuti mpope wa ku Matawale utiphunzitse zimenezi.

Wina anena kuti yankho ndi sola. Sola ndi yabwino ndithu, ndipo yachotsa koloboyi ndi kandulo m'nyumba zambiri. Koma tiwerengere. Sola yaing'ono ya pakhomo imapereka mawati 20 kapena 50, okwanira mababu angapo, wailesi ndi kutchaja foni. Hotipuleti imodzi imafuna mawati 1,000 kapena kuposa. Sola yotere ingaunikire nyumba yonse, mwana n'kuwerenga mpaka usiku, koma siingawiritse nyemba. Magetsi a ESCOM nawo amadalira kwambiri mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo mabanja amene ankaphikira magetsi anabwerera ku makala. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba ntchito mu 2021, ndi chiyambi chabwino. Koma pamene tikuyembekeza kuti magetsi akwanire aliyense ndi kukhala odalirika, nsima ya lero ipsa ndi moto wa mtengo.

Wina anena kuti yankho ndi kumanga owotcha makala. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo lamulo liyenera kulemekezedwa. Koma bambo amene amadzuka 2 koloko usiku kukankha njinga ya matumba atatu sachita zimenezi chifukwa chodana ndi mitengo. Akudziwa kuti kutauni kuli womugula. Womugulayo ndi mphunzitsi, namwino, mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa kwaya, inu ndi ine. Mukalanda njinga yake koma mbaula zathu zikufunabe makala ochuluka chimodzimodzi, mawa kubwera njinga ina, mtengo wa thumba utakwera. Njira yosapweteka wosauka ndiyo kuchepetsa makala ndi nkhuni zimene poto mmodzi amadya.

Apa ndi pamene kafukufuku watithandiza kale. Pamoto wa mafuwa atatu, kutentha kochuluka kumathawira m'mbali ndi m'mwamba, ndipo kumene kumalowa mu poto ndi gawo laling'ono chabe. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo la konkuno n'kuwotchedwa, imatchinga mphepo ndi kukankhira moto kunsi kwa poto, motero imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Banja limene linkatha mitolo itatu litha iwiri. Mu 2013 boma la Mayi Joyce Banda, amenenso kwawo ndi ku Zomba, linalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zamakono 2 miliyoni. Chitetezo mbaula imayaka bwino ndi tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, mbewu imene alimi a ku Zomba amalima kale. Munda umodzi umapereka ndiwo ndi nkhuni zophikira ndiwozo.

Koma pali kafukufuku wina amene tiyenera kumumvetsa bwino, chifukwa anabweretsa uthenga wosakoma. Akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine, pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, anagawa mbaula zodula zokhala ndi kafani koyendera batire ndi sola m'midzi ya ku Chikwawa ndi Karonga. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu kwa zaka ziwiri, pofuna kuona ngati utsi wochepa ungachepetse chibayo. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, chibayo sichinachepe. Ana opsa ndi moto anacheperako, koma chimene ankachifuna kwambiri sanachipeze. Mbaulazo zinkaonongeka kawirikawiri, mabanja ambiri ankakolezabe moto wa pamafuwa pambali, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zowotchedwa.

Ine sindiona kafukufukuyu ngati wolephera. Anatiuza zoona, ndipo zoonazo ndi izi: chipangizo chimene chachita bwino m'labotale chimakakumana ndi moyo wina pakhomo. Poto wa nsima ya anthu asanu ndi atatu amafuna mbaula yoti siigwa mayi akamavundula ndi mthiko. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ku Zomba, moto suphikira chabe, anthu amauothanso. Mbaula ikasweka, ndani aikonze, ndipo ndi ndalama zingati? Mafunso awa sayankhidwa ku Liverpool. Amayankhidwa ku Sadzi ndi ku Chikanda, ndi anthu amene amalowa m'makhitchini amenewo osachita kugogoda. Anthuwo ndife.

Kafukufuku wa pakhomo safuna labotale. Amafuna sikelo ya m'manja ngati ija ya ogula nandolo, kope ndi cholembera. Banja liyeze makala kapena nkhuni m'mawa, liyezenso zotsala madzulo, kwa masiku 7, likulemba zimene laphika ndi anthu amene adya. Mlungu wotsatira lisinthe chinthu chimodzi chokha, liyezenso. Likasintha zinthu zitatu nthawi imodzi silidziwa chimene chathandiza. Zoyesa zilipo zambiri, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Nyemba zoviikidwa usiku wonse zimapsa msanga chifukwa madzi alowa kale m'kati. Chivundikiro chimatsekera nthunzi, imene imathawa ndi kutentha kochuluka. Nkhuni zouma zimaposa zaziwisi chifukwa moto sutaya mphamvu poumitsa madzi a m'nkhunimo. Makala otsala akazimitsidwa ndi mchenga kapena m'chitini chotseka amagwiranso ntchito mawa. Mbaula ya makala yokhala ndi dongo m'kati imasunga kutentha kuposa ya malata okhaokha.

Kwa amene ali ndi magetsi, masamu ake ndi osavuta. Babu lakale la mawati 60 loyaka maola 5 patsiku limadya mayuniti 9 pamwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana, limadya yuniti imodzi ndi kagawo. Mwana wa Sitandade 8 angathe kuwerengera izi, ndipo mwana wa Fomu 2 angathe kujambula girafu ya makala a kunyumba kwawo. Mphunzitsi amene wapereka ntchito yotere waphunzitsa masamu, sayansi ndi jogalafe nthawi imodzi, ndipo phunzirolo lakalowa m'nyumba 60 madzulo omwewo. William Kamkwamba anamanga makina ake a mphepo ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ali mnyamata wa zaka 14, atawerenga buku la m'laibulale yaing'ono. M'makalasi amene tikaphunzitse muli ana ngati iye, ndipo ena a iwo ndi atsikana amene amaudziwa moto kuposa buku lililonse.

Ife a Adventist tili ndi mwayi umene ena alibe. Timakonda nyemba, nandolo, khobwe ndi soya, zakudya zabwino ku thupi koma zotha makala. Tilinso ndi Lachisanu, tsiku lokonzekera, pamene timaphikiratu chakudya cha pa Sabata monga ana a Israeli ankachitira ndi mana. Pali chipangizo chimene chili ngati chinapangidwira ife: dengu losunga kutentha. Mumatenga dengu lalikulu, kuliyala m'kati ndi nsanza zoyera, udzu wouma kapena mankhusu a mpunga osokereredwa m'nsalu, ndi kapilo kovundikira pamwamba. Nyemba zoviika zikawira bwino pamoto kwa mphindi 20 kapena 30, mumaika potoyo m'dengu ali wovundikira, n'kutseka. Kutentha kulibe kothawira, ndiye nyembazo zimapitiriza kupsa zokha kwa maola angapo popanda khala ngakhale limodzi. Mpunga umapsanso chimodzimodzi. Chenjezo lake n'lakuti chakudya chimene chagona n'kuzirala chiyenera kuwiritsidwanso bwino chisanadyedwe. Amayi a Dorika amene amasoka kale zovala za osowa angathe kusoka madengu amenewa, ndipo a Pathfinder angathe kuyeza makala amene apulumuka. Taganizaninso za msonkhano wa misasa, pamene mabanja mazanamazana amakoleza moto wa pamafuwa kwa mlungu wathunthu, ndi makhitchini a sukulu zathu zogonera, kumene nkhuni zimabwera pa lole. Ndani anayezapo nkhuni zimenezo?

Ndikudziwa zimene ena amanena mumtima: Yesu akubwera posachedwa, dzikoli lidzapsa, tivutikirenji ndi mitengo? Koma ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa pa Genesis 2:15 inali yolima munda ndi kuusunga, ndipo palibe pamene tinauzidwa kuti ntchitoyo yatha. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14, umene timaulalikira m'misonkhano yathu yonse, umatiitana kulambira Mlengi, ndipo pakati pa zimene analenga umatchulanso akasupe a madzi. N'zovuta kulalikira za Mwini akasupe pa Sabata, kuyambira Lamulungu n'kumaumitsa akasupe a Mulunguzi ndi mbaula zathu. Ukapitawo suthera mu envulopu ya chakhumi. Kapitawo wokhulupirika ndi amene mbuye wake akabwera amapeza munda uli bwino.

Ku Zomba kuli University of Malawi, kuli Forestry Research Institute of Malawi, kuli Domasi College of Education. Mzinda wodzaza ndi ophunzira chonchi suyenera kukhala pansi pa phiri lometedwa. Pempho langa kwa akatswiri a m'malo amenewa ndi lakuti zimene apeza azitibweretsera m'Chichewa, patsamba limodzi loti liwerengedwe pa msonkhano wa amayi. Kwa aphunzitsi athu pano, lolani kuti ena mwa ife tilembe kafukufuku wathu womaliza pa nkhani ya moto wa pakhomo. Kwa akulu a mpingo, perekani masana a Sabata limodzi pa kotala ku phunziro ili, ndipo atsogolere ndi amayi ophikawo.

Kwa anzanga ophunzira, tchuthi chikubwerachi bwerekani sikelo. Yezani makala a kwanu kwa masiku 7, viikani nyemba, yezaninso masiku ena 7. Tikatsegulira, tidzaike manambala athu pamodzi, ndipo magazini ino idzawasindikize. Mutu umodzi susenza denga, koma makope 100 ochokera m'makhitchini 100 ndi umboni umene ngakhale khonsolo ya mzinda wa Zomba ingaumvere.