Tsamba likakana kutseguka ku Tsangano, wolakwa si foni

Mwezi watha msuweni wanga wa ku Tsangano anandiimbira foni atakhumudwa kwambiri. Amalemba fomu yofunsira ntchito pa tsamba la intaneti la bungwe lina, tsiku lotsekera lili mawa lake. Analemba zonse bwinobwino, koma batani lotumizira linangoti duu. Anayesa kanayi mpaka bandulo inatha. Kutacha anakwera kabaza, kenako minibasi ya ku Ntcheu Boma, kukalipira kompyuta ya eni kuti angodina batani limodzi.

Atadandaula ku bungwelo, anangomuuza kuti: "Gwiritsani ntchito Chrome pa laputopu." Laputopu yake iti?

Tinene mosapsatira: tsamba lomwe limatseguka pa kompyuta ya amene analipanga yokha ndi ntchito yosamaliza.

Nkhani yake ili apa. Tsamba timalitsegulira pa browser, ndipo ma browser ndi ambiri: Chrome, Firefox, Safari ya pa iPhone, Phoenix yomwe imabwera m'mafoni ambiri a Tecno ndi Itel, komanso Opera Mini. Ambirife timakonda Opera Mini kaamba koti siidya bandulo. Mukaiika posunga data kwambiri, tsamba limayamba ladutsa pa makompyuta a kampani ya Opera, kumene amalifinya lisanafike pafoni panu. Pofinyapo, zina zolembedwa mu JavaScript, chilankhulo chomwe chimayendetsa mabatani ambiri, zimasiya kugwira ntchito. Wopanga tsamba ali pa Wi-Fi mu ofesi ku Lilongwe sangadziwe zimenezi ngati sanayese.

Chopweteka nchakuti mankhwala ake alipo, ena aulere. Tsamba la Can I Use limaonetsa ngati luso lomwe wopanga akufuna kuika likugwira pa browser iliyonse, ndipo Opera Mini ili pamndandandawo. Chrome yomweyo ili ndi DevTools, momwe munthu amatha kuchepetsa dala liwiro la netiweki n'kuona mmene tsamba lingatsegukire kumudzi. BrowserStack imalola kuyesa tsamba pa mafoni enieni osiyanasiyana. Koma chachikulu ndi kamangidwe: yambani ndi HTML wamba kuti fomu izitumizika ngakhale zina zonse zitafa, zokongoletsa zibwere pambuyo. Boma la Britain limauza opanga masamba ake a GOV.UK kuti azimanga chonchi. Ngati dziko la intaneti yothamanga limaganizira munthu wa foni yofooka, nanji ife?

Ena anena kuti kuyesa konseku kumadya nthawi ndi ndalama, ndiponso anthu azingosintha mafoni. Koma ndalamayo imalipiridwabe, kungoti amalipira ndi mlimi wa kachewere ku Tsangano kapena mayi wogulitsa kabichi pamsika wa Lizulu, pa thiransipoti ndi bandulo. Ndipo kudalira luso limodzi kumagwetsa ngakhale mabungwe aakulu. Kampani ya Adobe itasiya pulogalamu ya Flash kumapeto kwa 2020, mafomu ena a SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, anasiya kutseguka. Mu January 2021 bungwelo linachita kutulutsa browser yakeyake kuti anthu athe kutumiza mafomuwo.

Kuno kwathu, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi aboma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Koma ufuluwo uli ndi phindu lanji ngati chikalata chili pa tsamba lomwe foni ya mwini ufuluyo singatsegule?

Ndiye pempho langa nali. Inu mabwana amene mumasainira makontirakiti a masamba, musalipire musanaone tsambalo likugwira pa Itel yotchipa, pa netiweki ya TNM ndi ya Airtel, kunja kwa tauni. Inu anzanga opanga masamba, kwerani basi mutsike pa Lizulu kapena pa Kampepuza, mubwereke foni ya munthu, muyese ntchito yanu.

Nanunso owerenga, tsamba likakana musamangoti "foni yangayi ndi yachabechabe". Jambulani screenshot, lembani dzina la foni ndi browser, mutumize kwa eni tsambalo. Mwana akapanda kulira amafera mu mbereko.

Msuweni wanga fomu anatumiza, patatsala maola awiri. Nanga amene analibe ya kabaza?